Mwala wa ku Kameoka

Ndinatsika sitima ku Kameoka masamba atayamba kufiira,
mipeni itatu ndaikulunga m'nyuzipepala,
yonse yobuntha ngati mawu a munthu wangongole.
Abwana anga ku Osaka anali atanena poyera:
"Noriyasu, nsomba ukuitafuna ndi mpeni, sukuidula.
Pita kumapiri, ukabwere ndi mwala."

Mayi Hatanaka amagulitsa miyala m'shedi ya malata
kuseri kwa mikungudza, pafupi ndi mgodi
umene amuna awo anakumba mpaka chifuwa chinawatenga.
Sanandifunse dzina.
Anangoti, "Onetsa mipeni."

Ine maso anali kale pa mwala wachikasu,
wosalala ngati tsaya la khanda,
wa timadontho tofiira,
mtengo wake malipiro anga a miyezi iwiri.
Anaunyamula, naugogoda ndi msomali.
Ngeee.
"Wolimba uwu. Ngwa malezala a ometa ndevu.
Chitsulo chako chidzangoterereka pamenepa,
iwe n'kumatukwana mwala wosalakwa."

Anawerama, natulutsa wina pansi pa shelefu,
wotuwa, wobenthuka pangodya,
mtsempha wakuda utadutsa cham'mbali.
Anaudonthezera madzi ndi chala.
Tinadikira.
Dontho linaima kaye ngati mlendo pakhomo,
kenako linalowa pang'onopang'ono.
"Womwa msanga ngwofewa, sukhalitsa.
Wokana madzi ngwamwano.
Uwu ukumwa mwaulemu."
Anayendetsa chikhadabo pamtsempha uja.
Sichinakodwe. Anagwedeza mutu.

Ndiye mpeni wanga:
khwee, khwee, khwee,
mapewa ali phee, zala zitatu pachitsulo,
ndipo pamwala panabadwa thope,
loyamba lotuwa, kenako lakuda bii,
fungo lake ngati dothi mvula ikangodontha.
Ndinatambasula dzanja kuti ndithirepo madzi.
Anandimenya pachala.
"Usatsuke. Thopelo ndilo likunola.
Mwala ukudzidya kuti mpeni udye."

Ndinalipira, mtima uli kwa wachikasu uja.
Anandiwonjezera kabotolo ka utomoni:
"Ukapake m'mbali ndi pansi, madzi asapeze njira."

Usiku uliwonse makasitomala akapita
ndinkaima pasinki, khwee, khwee.
Poyamba ndinkanola pakati pokha
mpaka mwala unalowa ngati mbale;
ndinaupala, ndinaphunzira kuyendera ngodya zonse,
ngakhale yobenthukayo.
Tsiku lina mnofu wa nsomba unatseguka wokha,
wonyezimira ngati galasi.
Abwana anayang'ana, sananene kanthu.
Kwa iwo, kumeneko ndiko kuyamika.

Januwale atafika, nditatopa,
ndinausiya wonyowa pamasitepe akuseri.
Usikuwo madzi anaundana m'ndowa.
M'mawa ndinapeza miyala iwiri,
mtsempha uja utasanduka njira.

Ndinakweranso sitima, zidutswa zili pamiyendo
ngati wopita kukanena maliro.
Mayi Hatanaka anazitembenuza, nazinunkhiza.
"Utomoni uja?"
Ndinautulutsa m'thumba la jekete, chivindikiro chosatsegula.
Anaseka mpaka kutsokomola.

Chidutswa chachikulu anachimata pathabwa.
Chaching'onocho anachicheka ndi sowo,
fumbi lili mbuu pamalaya,
nandipatsa kamwala kokwana m'zala ziwiri.
"Aka uzikapukusa pa mayi wake, thope lizituluka msanga.
Amuna anga anaswa isanu ndi umodzi.
Wachisanu ndi chiwiri ndi uwo ndatsekera chitseko."

Potuluka anandikodola.
"Wachikasu uja ulipobe. Ndingakutsitsire mtengo."
Ndinauyang'ana. Unali wokongolabe.
Ndinatsegula kabotolo kaja,
ndinakhala pakhonde, manja akunjenjemera ndi chisanu,
n'kuyamba kupaka m'mbali mwa wotuwa wanga.
Sitima ya masana inandisiya.